Mbiri ya moyo wanga, gawo 12: Kaseti ya agogo

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ndinabwerako ku Johannesburg n'kutsegula kashopu pa boma pa Dedza, koikira anthu nyimbo m'mamemori khadi ndi kutchajitsa mafoni. Zimene ndinaphunzira ku Joni, ndikukulunga mawaya ndi kukhala pambali pa bwana wanga wosakaniza mawu mu situdiyo, ndinkaziona ngati zathera konko. Kuno kwathu ndani angalipire munthu woti atsuke matepi akale?

Amene anandibwezera pa ntchitoyo ndi atsibweni anga. Abale anali atagwirizana zomanga chiliza cha agogo, mayi awo a amayi anga, kumudzi kwathu cha ku Linthipe. Tsiku lina atsibweni anatulukira pashopu, n'kutulutsa m'thumba la jekete kanthu kokulunga m'jumbo ya shuga.

"Iwe, paja umati ku Joni unkagwira za nyimbo? Agogo ako ndi awa. Ndikufuna akaimbe pa chiliza chawo."

Inali kaseti ya TDK ya mphindi 90. Atsibweni ndi amodzi mwa anthu amene anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Theba, bungwe lolemba anthu ntchito kumeneko, kulemba anthu kusanaime mu 1988, ndipo pobwerera anabwera ndi wailesi ya kaseti, yoyamba m'mudzi monse. Anajambula nayo chilichonse: tambala, ana akuseka, amayi a Chigwirizano akuyeserera nyimbo. Kumbali yachiwiri kunali agogo ndi anzawo awiri akukonola chimanga, akuimba nyimbo za pamtondo, zija amayi ankadzudzulira amuna aulesi ndi apongozi ovuta popanda kutchula dzina.

"Taika tione," anatero atsibweni, akuloza kawailesi kanga ka pashelefu.

"Pepani atsibweni, umu ayi. Ikatafunidwa sitikagula ina."

Amene muli ndi makaseti otere m'masutukesi, mvetsani apa. Tepi imene yagona zaka zoposa makumi atatu m'chinyezi cha Dedza siiponyedwa m'wailesi iliyonse. Nditamasula tizisikuluwu ta chikhokho chake ndinapeza chuku choyera m'mphepete mwa tepi, ndipo kansanza kaja kamene kamakankhira tepi kuti igunde hedi, kachitsulo kowerenga mawu pa tepi, kanali katamatuka. Ndinasamutsira tepi yonse m'chikhokho cha kaseti ina yabwino, n'kumaipukusa pang'onopang'ono ndi bolopeni, ndikupukuta chukucho ndi kansalu kouma. Deki ya Technics, makina oseweretsera makaseti, ndinaibwereka kwa mkulu wina wokonza mawailesi mumsika. Hedi yake ndinaitsuka ndi thonje lonyowetsa sipiriti, labala yokoka tepi ndinaipukutanso mpaka thonje linasiya kuda.

Pali kasikuluwu kena pambali pa hedi kamene anthu ambiri sakadziwa. Kamapendeketsa hediyo. Wailesi ya atsibweni inali ndi kapendekedwe kakekake, makamaka itagwedezeka ulendo wonse wochokera ku migodi, ndiye deki ina ikamawerenga tepi yomweyo mawu amatuluka ofooka, ngati woimba watseka pakamwa. Umavala mahedifoni, tepi ikuyenda, n'kumapotoza kasikuluwuko pang'ono kwambiri, kumanja, kumanzere. Pamafika pena pamene chilichonse chimatseguka. Kwa ine chinanditsimikizira ndi lichero. Poyamba sindinkadziwa n'komwe kuti pali munthu wina akupeta chapatali, koma nditafika pamalo pake, gaga anayamba kumveka akuwaza pansi. Bwana wanga uja ankakonda kunena kuti zimene walephera kutola pa deki, kompyuta singakubwezere.

Ndinalowetsa mawuwo mu laputopu pa muyezo wotola mawu mwatsatanetsatane kuposa wa CD. Failo yoyambayo sindinaikhudze. Ndinaisunga malo awiri, n'kumagwira ntchito pa kope.

Vuto lalikulu linali liwiro. Kuyambira pamene Philips inatulutsa kaseti mu 1963, tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Koma atsibweni ankajambulira mabatire, ena oyanikidwa padzuwa kuti abwerere mphamvu. Mabatire akafooka tepi imayenda mochedwa pojambula, ndiye ukaiseweretsa pa liwiro loyenera nyimbo imathamanga, mawu n'kukwera. Akanajambulira magetsi zikanaphweka, chifukwa magetsi athu amasiya kakung'ung'uza ka 50 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 50 pa sekondi, pa tepi, ndipo umangotsitsa liwiro mpaka kafike pa 50. Apa kunalibe. Ndinakatenga amayi aang'ono, amene nthawi imeneyo anali mtsikana wothandiza kupeta, n'kuwaveka mahedifoni.

"Ayi, awa si amayi. Amayi sankaimba ngati kamtsikana kosavinidwa."

Ndinatsitsa pang'ono.

"Tsitsanso, mwanawe."

Ndinatsitsanso. Anakhala chete, kenako anayamba kugwedeza phewa motsatira munsi. "Apo. Usakhudzenso." Poti mabatire ankapitirira kufooka pamene ankajambula, tinachita kuidula nyimbo ndi nyimbo, iliyonse ndi liwiro lake. Tinaweruka dzuwa litapendeka, mbatata yokazinga imene ndinawagulira itazizira m'pepala.

Kenako kunatsala kaphokoso ka "sssss" kamene kaseti iliyonse imakhala nako. Mu Audacity, pulogalamu yaulere, umasankha kachigawo kamene palibe akuimba, kompyuta n'kuphunzira phokosolo, kenako n'kulichotsa ponse. Apa ndi pomwe anyamata ambiri amaonongera ntchito, chifukwa batani lilipo ndipo chete amakoma. Koma phokosolo limakhala malo amodzi ndi mpweya wa woimba. Ukalikanda kwambiri, kupuma kwa agogo pakati pa mizere kumapita, "s" ndi "f" zawo zimapita, mawu n'kutsala achitsulo. Ine ndinangochepetsa phokosolo pang'ono, n'kudula kugunda kwa mphepo mosamala kuti mtondo usapepuke. Tambala ndinamusiya.

Atsibweni atamva, nkhope sinasangalale.

"Bwanji ikumvekabe yakale? Ndimayesa uika kiyibodi ndi ng'oma ngati makwaya a masiku ano."

Msuweni wanga, mwana wawo, anali atawaonetsa kale pulogalamu ya pafoni yolekanitsa mawu a munthu ndi zina zonse. Sananame, zilipodi. Mu 2023 a Beatles, gulu loimba la ku England, anatulutsa nyimbo imene mawu a John Lennon anachita kuwasefa ndi kompyuta kuchokera pa kaseti yakale imene anajambula kunyumba akuimba ndi piyano. Uko ndiko kusakanizanso: kupatula zigawo n'kumanga nyimbo mwatsopano. Zimene ndinachita ine n'kungokonza chimene chilipo kuti chimveke bwino.

"Atsibweni, ng'oma ilimo kale. Ndi minsi itatuyo. Agogo akutsata munsi, ukatopa mkono nyimbo imachedwa, akapsa mtima ndi mawu ake imathamanga. Kiyibodi siidikira munthu. Komanso mawu ena akuimba agogowa pa kiyibodi palibe, ali pakati pa mabatani. Tikawakokera pa batani ndiye kuti akuimba ndi wina."

"Zachizungu zimenezo."

"Mwina. Koma inu nomwe mumati mgaiwa ndiye umagwira m'mimba, woyera ndi wongoonetsera alendo."

Anaseka, koma sanagonje. Chodabwitsa n'chakuti pa mawu oti zachizungu sanalakwe kwenikweni. Anthu amene amalipira ndalama zambiri kunja kuti amve zojambula zakale, aja ogula mbale za vinyl ndi masipika odula kuposa galimoto, safuna kiyibodi. Amafuna amve bwalo, mtunda umene uli pakati pa woimba ndi maikolofoni, ngakhale nkhuku. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno, likadali Nyasaland, mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi. Matepi ake amasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo pano ili ku Rhodes University ku South Africa. Zina mwa nyimbozo zinakonzedwanso n'kutuluka pa CD ku Ulaya, osaonjezamo chida ngakhale chimodzi. Ife eniake ndi amene timachita nazo manyazi zikapanda bezi.

Mwini mbumba ndi mwini mbumba. Analamula kuti zikhale ziwiri, yanga ndi ya mwana wawo. Tsiku la chiliza anayamba ndi ya kiyibodi pa masipika obwereka, achinyamata anavina mpaka fumbi, ndipo kunena zoona ndi imene inafala pa WhatsApp. Yanga inaikidwa anthu akudya. Amayi achikulire anasiya mbale n'kuyamba kukangana kuti mawu achiwiri, oyankha aja, anali a yani, ndiponso mwamuna amene ankanyozedwa m'nyimbomo anali wa banja liti. Anagwirizana pa dzina limodzi, mwini dzinalo ali pomwepo ndi ndodo yake, akutafuna nyama ya mbuzi.

Sabata yotsatira ndinatumiza failo ya nyimbo yanga ija kwa bwana wanga wakale ku Johannesburg, kungofuna amve kuti sindinaiwale ntchito. Anayankha usiku womwewo. Anati akudziwa kakampani kena kotulutsa nyimbo zotere pa vinyl, ndipo angakonde kumva kaseti yonse. Koma anafunsa kuti nyimbozo mwini wake ndani, ndipo adzasaina ndani: wojambula, ana a oimba atatuwo, kapena mudzi? Funso limeneli linandikweza minibasi mpaka ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso, ku Lilongwe, kenako linandikhazika pabwalo la a nyakwawa ndi nkhuku m'manja. Zimenezo ndi za gawo 13.