Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nkhani ya miyendo

M'gawo lapita ndinalekezera pomwe sikani inaonetsa kuti aorta, mtsempha waukulu wochoka kumtima, wafufuma kuyambira m'chifuwa mpaka m'mimba, m'lifupi mwake kupitirira masentimita 6. Ine maganizo onse anali pa imfa, poopa kuti tsiku lina udzaphulika. Koma adokotala a opaleshoni anatha nthawi yaitali akukamba za miyendo.

Anatenga pepala n'kujambula. "Bambo, mtsempha wa ubongo wodutsa m'fupa la msana umalandira magazi kudzera m'timitsempha tochoka pa aorta, pakati pa nthiti. Tikamanga aorta kuti tichotse mbali yowonongeka, timitsempha timeneti timauma." Kofunika kwambiri mwa ito kamadziwika ndi dzina la dokotala wina, Adamkiewicz, yemwe anakafotokoza mu 1882, ndipo mwa anthu ambiri kamachokera kumanzere, chakumunsi kwa chifuwa. Msana ukasowa magazi, opaleshoni itha kuyenda bwinobwino, koma munthu n'kudzuka miyendo itafa, mkodzo osaugwira.

N'chifukwa chake asanandigoneke anandilowetsa kapaipi kowonda kwambiri kumsana, chapachiuno, kotulutsa madzi ozungulira mtsempha wa ubongo uja. Madziwo akachuluka amaupanikiza, magazi n'kulephera kulowa. Ndiye amatsitsa mphamvu ya madzi kufika cha pa 10, kwinaku akukweza BP. Apa ndinaseka ndekha: zaka zonsezi ndikumwa mankhwala otsitsa BP, lero akuikweza dala!

Za m'fiyeta ndinangomva pambuyo pake. Anandiziziritsa thupi pang'ono kuti msana usamafune mpweya wambiri, pampu inkatumiza magazi kumunsi pamene aorta inali yomangidwa, ndipo timitsempha tina anatisokerera pa chubu chatsopano cholowa m'malo mwa mbali yowonongeka ya aorta. Ankapatsanso ubongo timagetsi n'kumaona ngati minofu ya m'miyendo ikuyankha.

Chomwe ndikukumbukira ndekha ndi ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Ola lililonse anamwino, "Bambo, kwezani mwendo wakumanja. Wakumanzere. Gwedezani zala." Usiku, tulo tikungoyamba kukoma, omwewo afika. Ndinkanyansidwa nazo, osanama. Ngakhale kukweza mutu wa bedi sankalola popanda iwo, chifukwa madzi akatuluka mopitirira muyeso magazi atha kukha m'mutu.

Usiku wina mwendo wakumanzere unalemera ngati waphatikizidwa ku matiresi. Anamwino sanadikire kuti kuche. Anayang'ana makina, BP inali itatsika, anathamanga kukaitana adokotala. Anandigoneka chagada, anandiika magazi ndi mankhwala okweza BP, n'kutulutsa madzi ena kumsana. Kunja kukuyera, chidendene chinanyamuka.

Kupuwala kotereku kutha kubwera mochedwa, patapita maola kapena masiku opaleshoni itatha, ndipo kukagwidwa msanga nthawi zina kumatha. Ineyo ndimati amene anapulumutsa miyendo yanga ndi anamwino a usiku aja, ngakhale anthu akamafunsa amangofuna kudziwa za adokotala.

Gawo likudzali ndidzakamba za tsiku lomwe anachotsa kapaipi, ndi mutu umene unandiwawa nditangodzuka kukhala tsonga.