Loweruka la nkhungu ku Luwawa, ndi jig yakuda

Loweruka usiku, kunyumba ku Luwinga.

Ndaona kuti ndilembe za lero ndisanagone, chifukwa ndikadikira mpaka mawa ndikhala nditayamba kale kuinenepetsa nsomba ya bass imene ndagwira lero, monga mmene msodzi aliyense amachitira nkhani ikagonera.

Tinanyamuka mu Mzuzu nthawi ya 4 koloko m'bandakucha, ine ndi mlamu wanga, pa galimoto yake yakale ija imene chitseko chake chakumanzere chimatsegukira kunja kokha. Tinatsata msewu wa M1 kulowera kumwera, ndipo nkhungu inali itaphimba phiri lonse la Viphya moti mpaka ku Chikangawa tinkangolondola magetsi ofiira a lole ya matabwa imene inali patsogolo pathu. Titapatukira mu msewu wafumbi wopita ku damu la Luwawa, kunja kunali kutayera, koma dzuwa lenilenilo sitinalione mpaka cha m'ma 10 koloko. Mwezi wa Julayi kumtunda kuno suchitira munthu chifundo. Ndinamanga mfundo yoyamba ya chingwe katatu konse, chifukwa zala zinali zitachita dzanzi.

Nsomba imene ndinaitsata kumeneko, ya bass, si ya kwathu kuno. Kwawo ndi ku North America, ndipo anthu okonda masewera owedza ndiwo anaifalitsa m'madamu a kumwera kwa Africa kuno, monga mmene anabweretsera trout imene ili m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Ili ndi kamwa lalikulu, ndipo siyendayenda poyera ngati usipa. Imabisala pafupi ndi chitsa, mtengo wogwera m'madzi kapena m'mphepete mwa bango, n'kumadikira kuti chakudya chidutse, kenako imatsegula kamwa mwadzidzidzi n'kuchikokera m'kati pamodzi ndi madzi omwe. Chifukwa cha khalidwe limeneli, nyambo yake iyenera kulowa m'malo oipa amene mbedza wamba imakodwa, ndipo nyambo yochita kupanga yotchedwa jig anaipangira ntchito imeneyi.

Mlamu wanga anali asanaionepo jig pafupi, choncho ndinaiika m'dzanja lake. Ndi mbedza yokhuthala imene mutu wake anauumba ndi mtovu. Pamwamba pa mutuwo pali kaburashi ka tingwe tolimba ta nayiloni totchinga nsonga ya mbedza kuti isakole nthambi, ndipo m'khosi mwake anamangamo timizeremizere ta labala timene amatitchula kuti siketi. Kumbedzako ndiye timavekako trailer, kanyambo ka pulasitiki kofewa kamene nthawi zambiri kamakhala ndi manja awiri ofanana ndi a nkhanu. Iye anaitembenuza kawiri, n'kundibwezera.

"Alamu, ndiye mwatidzutsa usiku kuti tidzadyetse nsomba chitsulo chovala siketi? Ine ndatenga nyongolotsi zanga, tikaonana pa mbale."

Anakakhala pa mwala chapatali pang'ono, ndipo ola lisanathe anali atakola makumba anayi. Aliyense amene ankamuvuula ankamukweza m'mwamba kuti ndimuone.

Ine maola atatu oyamba anandithera pachabe, ndipo cholakwa chinali changa. Ndinali nditamanga jig ya theka la ounce, imene ndi magalamu pafupifupi 14, n'kuiveka trailer ya michira iwiri yopotana imene imagwedezeka kwambiri m'madzi, chifukwa ndi imene inandipindulira m'mwezi wa Novembala madzi ali ofunda. Ndinkaponya, n'kukoka mofulumira, n'kuponyanso, ngati munthu amene akuthamangira basi. Cha m'ma 9 koloko jig ija inalowa m'mphanda ya chitsa cha paini chimene chili pansi pa madzi, ndipo ndinayesa kugwedeza chingwe mbali zonse koma inakaniratu, mpaka ndinachita kudula. Zinandipweteka mumtima, chifukwa zinthu zimenezi sindizipeza m'masitolo a mu Mzuzu. Amachita kunditumizira msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo imodzi ikatayika ndiye kuti ndidikire munthu wobwera pa basi ya ku Joni.

Ndinakhala pansi kuti ndimwe tiyi wa mu flasiki, ndipo pamenepa ndi pamene tsiku linatembenukira. Pafupi ndi phazi langa, m'madzi osaya oyera mbee, panali nkhanu yaing'ono yakuda imene inkatuluka pansi pa mwala. Inkayenda pang'ono chammbali, n'kuima nthawi yaitali, n'kuyendanso pang'ono. Nditaiyandikizira kamtengo, sinathawe msanga, koma inangokweza manja ake awiri m'mwamba n'kuima chomwecho. Ndinaviika dzanja m'madzimo ndipo sindinathe kulisiyamo nthawi yaitali. Nsomba thupi lake limatsata kutentha kwa madzi, kotero m'nyengo yozizira imadya pang'ono ndipo sifuna kuwononga mphamvu pothamangitsa chinthu. Ine m'mawa wonse ndinkaionetsa chinthu chothamanga, chovina michira, pamene chamoyo chilichonse m'damumo chinkayenda ngati nkhalamba yodwala nyamakazi.

Ndinatulutsa jig yopepuka, yakuda yosakaniza ndi buluu, ya magalamu pafupifupi 11. Siketi yake ndinaidula ndi sizasi kuti ithere pang'ono chabe kupitirira pamene mbedza yapindikira, ndipo kaburashi kaja ndinakatambasula ndi chala kuti kafewe. Trailer ndinasankha yaifupi, yonenepa, ya manja aphwatalala amene sakupiza okha. Poiveka ndinasamala kuti ilowe mowongoka, chifukwa ikapindika ngakhale pang'ono jig imagwa mozungulira, ndipo palibe nkhanu imene imatero. Ndisanaponye kutali, ndinaitsitsa pomwepo pafupi ndi mwala kuti ndiione. Inatsika pang'onopang'ono, itafika pansi siketi ija inatambasuka ngati duwa, ndipo manja a trailer anadzuka m'mwamba ndendende ngati mmene nkhanu ija inachitira ndi kamtengo kanga.

Anthu ambiri amaganiza kuti trailer ndi yongokongoletsa, ndipo nanenso ndinkaganiza choncho. Lero ndatsimikiza kuti ntchito yake yaikulu ndi kulamula liwiro limene jig imatsikira. Ikakhala yonenepa imagwira madzi ndipo imachedwetsa mtovu, pamene yowonda imaulola kugwa ngati mwala. Pa malo amodzimodzi, pambali pa mtengo wa bulugamu wogwera m'madzi, jig yoyamba ija inkafika pansi ndikawerenga mpaka zitatu, koma iyi inkafika ndikawerenga mpaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma bass nthawi zambiri imagwira jig ikutsika, ndiye kamphindi kowonjezerako ndi kamene kamapatsa mpata nsomba yozizidwa kuti isunthe.

Kugwira koyamba ndinakuphonya. Ndinali nditaponya pakati pa nthambi ziwiri, ndipo ndili pa chiwerengero cha zitatu chingwe chinangoima, chisanafike pansi. Ndinaganiza kuti chatsamira pa nthambi, ndiye ndinakweza ndodo pang'ono n'kumva kulemera kofewa ngati kwa jumbo yonyowa, ndipo pamene maganizo ankandibwerera kulemerako kunali kutachoka. Nditavuula, trailer inali itatsetsereka mpaka pamphuno ya mbedza ndipo dzanja lake limodzi linali litakandika. Bass ikazindikira kuti chimene yameza si chakudya imalavula msanga, ndipo siimakoka chingwe mwamphamvu ngati mlamba kuti munthu adzidzimuke. Amene akuwedza ndi jig ayenera kuyang'anitsitsa pamene chingwe chalowera m'madzi kuposa kudalira manja ake.

Ndinakonza trailer ija n'kuponyanso pamalo omwewo. Ulendo uno jig inafika pansi, ndinaisiya kwa kanthawi, ndinaikwakwaza pang'ono ndi ndodo osati ndi reel, kachipangizo kokulungira chingwe, n'kuisiyanso. Kenako chingwe chinanjenjemera kamodzi kokha n'kuyamba kuyenda chammbali kulowera kwakuya. Ndinatsitsa ndodo, ndinakunga chingwe mpaka kulimba, n'kukweza ndi mphamvu zonse, pakuti kaburashi kaja kayenera kupindika kaye mbedza yokhuthalayo isanalowe m'kamwa mwa nsomba. Ndodo inapindika, ndipo ndinakoka mosalekeza kuti ndiichotse msanga m'nthambimo. Itafika poyera inadumpha m'mwamba, kamwa lili yasa, ikupukusa mutu kuti itaye jig, ndipo ndinamva mlamu wanga akufuula ali pa mwala paja. Ndinaigwira pa mlomo wam'munsi ndi chala chachikulu. Mano ake ndi ang'onoang'ono ngati msasa, ndipo chala changa chikadali chokalika pamene ndikulemba pano.

Pa kasikelo kanga ka m'thumba inalemera makilogalamu 1.4. Mlamu anafunsa ngati zimakula kuposa pamenepo, ndiye ndinamuuza kuti yaikulu kwambiri imene inalembedwa m'kaundula wa dziko lonse lapansi ndi ya makilogalamu opitirira pang'ono 10, imene George Perry anaigwira ku Georgia, m'dziko la America, mu 1932, ndipo Manabu Kurita anafanana naye mu 2009 pa nyanja ya Biwa ku Japan. Iye anangoseka n'kunena kuti kampango wa ku Nkhata Bay sangaope zimenezo.

Pofika 2 koloko masana ndinali nditagwira zinayi, zonse pafupi ndi mitengo yomira, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inagwira jig ikuyenda mofulumira. Ziwiri zazing'ono ndinazibwezera m'madzi, zimene mlamu wanga anati ndi misala ya anthu okhuta. Pamenepo tinangosekana, koma tinatsutsana zenizeni pamene anapempha kuti titenge zazing'onozo zamoyo mu ndowa akaziponye m'dziwe lake la makumba kumudzi. Ndinakana. Bass imadya nsomba zinzake, ndipo ikanamutsirizira ana onse a makumba. Choopsa kwambiri n'chakuti mvula ikasefukira dziwelo, ikanalowa mu mtsinje n'kuyamba kudya matemba ndi tinsomba tina ta kwathu timene sitinazolowere mdani wotere. Anang'ung'udza ndithu, koma ndowa inabwerera yopanda kanthu.

Potumbula yaikulu ija m'mphepete mwa damu, ndinang'amba chifu chake dala kuti ndione chimene inadya. Munali dzanja la nkhanu lathunthu, lakuda mofiirira, kutalika kwake ngati kwa trailer yanga. Ndinaliika pa mwala pambali pa jig ija osanena kanthu. Mlamu anawerama n'kuziyang'ana zonse ziwiri kwa nthawi ndithu.

Tinafika mu Mzuzu kutada, nkhungu itabwereranso pa Chikangawa. Mayi a kunyumba akazinga imodzi, ndipo akuti mnofu wake ndi woyera bwino koma sukufika pa nsomba ya batala, zimene sindinatsutse. M'bokosi mwanga mwatsala ma jig asanu ndi ma trailer onenepa atatu okha, awiri mwa iwo ong'ambika, moti ndalembera kale msuweni uja pa WhatsApp kuti akapeza wobwera anditumizireko akuda ndi obiriwira modera. Ndisanatseke foni yalowanso uthenga wa mlamu wanga, wofunsa ngati ndodo yanga yachiwiri ija ikugwirabe ntchito, ndiponso ngati Loweruka likudzali ndili ndi zochita.