Apite kwa agogo ake kapena akhale kuno?

Ndimagwira ntchito ku bungwe laling'ono losachita phindu kum'mwera kwa Johannesburg, chakufupi ndi Rosettenville. Timalandira ana ndi achinyamata a autism (kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu), ADHD (kuvutika kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi) ndi dyslexia (kuvutika kuwerenga ndi kulemba), ena a zaka 3, ena opitirira 20. Uphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera ndinauphunzira ku koleji ya Montfort, ku Nguludi, ndipo pa kalata yanga ya ntchito analemba kuti ndine wa m'kalasi. Koma poti wolankhula Chichewa ndine ndekha, banja la kwathu ku Malawi likangofika pageti amaitana ine. Ndiye sabata yanga imagawika pawiri, ana mbali iyi, akuluakulu mbali inayo. Otopetsa ndi akuluakuluwo. Sabata imene ndikusimba pano, banja lina linali pa funso lovuta: mwana wawo apite kwa agogo ake kumudzi kapena akhale kuno.

Lolemba linayamba ndi kulira. Malume woyendetsa kombi ya ana anasintha njira chifukwa maloboti anali atafa pa msewu waukulu, ndipo mnyamata wina wa zaka 6 anafika atadziluma dzanja. Wodutsa akanati ndi mwano. Si mwano ayi. Mwanayu amazindikira tsiku lake poona zinthu motsatana: sitolo yofiira, mlatho, kenako geti lathu. Chimodzi chikasowa, zonse zamubalalikira, ndipo alibe mawu ofunsira kuti tikulowera kuti. Tinamulowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, tinathimitsa getsi, osamufunsa kanthu. Mtima utakhala pansi ndinamubweretsera buku lake la zithunzi.

Njira ya zithunziyi imatchedwa PECS. Mwana amapereka chithunzi, iwe n'kumupatsa chinthucho pompo. Poyamba pamafunika akuluakulu awiri: wina amagwira chinthu chimene mwana akuchilakalaka, wina amakhala kumbuyo n'kumuthandiza dzanja kuti atole chithunzi. Chotivuta ife n'kutseka pakamwa, pakuti suyenera kumufunsa kuti "ukufuna chiyani?" Ayambe yekha. Zithunzi zogula zimabwera ndi zakudya zimene ana athu sadya kunyumba, choncho zanga ndinajambula ndekha pa foni: phala, nsima, mandasi, chitenje cha amayi ake. Tsiku limenelo anandipatsa cha chitenje. Chinali m'chikwama mwake. Anadzifunda kumutu, ndipo 10 koloko isanakwane anali pa tebulo ndi anzake.

Lachiwiri ndinaperekeza mayi wina wa ku Ntcheu ku chipatala kukamasulira. Kuno munthu umayambira ku kiliniki ya m'dera lako, iwo n'kukulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu chimene chimaona za kakulidwe ka ana, monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Rahima Moosa ku Coronationville kapena Baragwanath ku Soweto. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 4. Makutu anamuyeza kale, amamva bwinobwino, koma ukamuitana dzina satembenuka, ndipo saloza chinthu ndi chala kuti akuonetse. Mayiwo ankayembekeza kuti amutenga magazi kapena amuunika m'mutu. Autism sipezeka m'magazi. Dokotala anakhala pansi pa mphasa, anatulutsa zidole, n'kumaona mmene mwana akusewerera, uku akufunsa mbiri yake kuchokera ali m'mimba.

Atamva zotsatira, mayiwo anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, afunseni, mankhwala ake ndi ati?"

Funso limeneli ndimaliopa kuposa ena onse, chifukwa yankho lake ndi lalifupi. Palibe mankhwala ochotsa autism. Chilipo ndi maphunziro, akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi kugwiritsa ntchito manja, ndi nthawi. ADHD ndiyo ili ndi mankhwala othandiza, monga Ritalin, ngakhale nawo ali ndi mtolo wake: ali m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa kwambiri lotchedwa Schedule 6, kotero mwezi uliwonse pamafunika kalata yatsopano ya dokotala, ndipo kwa mayi wogwira ntchito ya m'nyumba limenelo ndi tsiku lopempha kwa abwana.

Mu tekisi pobwerera panatuluka zina ziwiri. Dokotala, mwa chifundo chake, anali atatchula ndalama ya SASSA (bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira anthu) yothandiza osamalira ana a ulumali waukulu, Care Dependency Grant. Ndinayenera kuwauza ndine kuti imaperekedwa kwa nzika, kwa amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, ndi kwa othawa kwawo ovomerezedwa. Ambirife tilibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Anangoti "chabwino", ngati ankadziwa kale. Chachiwiri ndi chimene chinandikwiyitsa. Ku kireshi wina anawauza kuti asiye kulankhula Chichewa ndi mwanayo, azingolankhula Chingerezi, ati zilankhulo ziwiri zikumusokoneza. Amvera kwa miyezi. Ofufuza sanapeze kuti zilankhulo ziwiri zimachedwetsa mwana wa autism kulankhula. Komanso Chingerezi cha mayiwa n'cha kuntchito, cha kulandira malangizo. Sangatonthoze nacho mwana, sangamuimbire nacho, sangamuseke nacho. Zotsatira zake m'nyumba munangoti zii. Ndinawauza kuti, "Asisi, kuyambira lero muziyankhula naye mmene amayi anu ankayankhulira nanu."

Lachitatu madzulo ndinapita kunyumba kwa makolo a mnyamata wina wa zaka 7, ndipo nkhani ya kumeneko ndi imene inandikhala pamtima sabata yonse. Amakhala m'rumu ya kuseri kwa nyumba ya eni. Bambo amagwira za m'gadeni kumpoto kwa mzinda, mayi amachapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Kireshi ziwiri zinamubweza mwanayo. Masiku amene onse ali ku ntchito amamutsekera mkati ndi chakudya ndi foni. Landilodi wayamba kudandaula za phokoso la usiku. Anandiitana kuti andiuze zimene agwirizana: transipota wina akunyamuka kumapeto kwa mwezi, mwana apite naye ku Dedza kwa agogo ake.

Ndinafunsa ngati agogowo akudziwa mmene mwanayo alili. Bambowo anayang'ana pansi kwa nthawi.

"Achemwali, kumudzi akuti ndinamukhwimira ine. Akuti nyumba ya malata ndinamanga ija, ndi chigayo chija, mtengo wake ndi mutu wa mwanayu."

Amene anakulira kwathu akudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Munthu wadya buledi wouma zaka zambiri, wagona anthu asanu m'rumu imodzi kuti atumize ndalama ya malata, lero thukuta lake lasanduka umboni womutsutsa. Ndipo mwana amene anthu akhulupirira kuti anakhwimiridwa saphunzitsidwa kanthu. Amamutengera kwa asing'anga, kwa aneneri, amamutemera mphini, kenako amamusiya pakhonde.

Sindine wa gulu loti kumudzi n'koipa nthawi zonse. Kumudzi kuli bwalo, kuli manja ambiri, kulibe landilodi, ndipo tsiku limayenda mofanana dzulo ndi lero, zimene ana ambiri a autism amazikonda. Ndikudziwa ana amene anapepukidwa atapita. Thandizo nalo lilipo, ngakhale n'lotalikirana: masukulu ena a pulaimale ali ndi zipinda za ana ofunika chithandizo chapadera, ku Mzuzu kuli a St John of God, ku Blantyre kuli Queen Elizabeth. Koma ndinawafunsa zinthu zimene ndimafunsa banja lililonse. Mtsinje uli patali bwanji ndi nyumba? Zitsime n'zotseka? Ana ambiri otere amakonda kuchoka osatsanzika, ndipo madzi amawakoka. Agogo ali ndi mphamvu zothamangira mwana wa zaka 7? Nanga ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, masiku awiri kapena kuposa m'galimoto yodzaza katundu, ndi munthu wachilendo, kwa mwana amene sangatchule dzina lake pa chipata? Mayiwo anayamba kulira pa funso la mtsinje. Uli kuseri kwa dimba.

Chimene sankadziwa n'chakuti mwana wawo ali ndi ufulu wa sukulu kuno, mapepala akhalepo kapena ayi. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, silinena kuti nzika zokha. Mu December 2019 khothi lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa setifiketi ya kubadwa kapena pemiti, ndipo unduna wa maphunziro unatumiza kalata yotchedwa Circular 1 ya 2020 kuuza masukulu onse zimenezi. Kalata yolumbira ya kholo imakwanira. Palinso ndondomeko ya 2014 yotchedwa SIAS, yoonera thandizo limene mwana akufunika pasukulu: mphunzitsi amadzaza fomu ya SNA 1, komiti ya pasukulu SNA 2, ndipo a ku distirikiti ndi amene amaona ngati mwana athandizidwe pomwepo kapena apite ku sukulu yapadera. Sindinawanamize kuti n'zachangu. Malo m'sukulu zapadera ndi ochepa, mndandanda wa odikira ndi wautali. Ndinangowapempha kuti asamulipire kaye transipotayo, ndipo mwana ayambe kubwera ku bungwe lathu masiku amene iwo ali ku ntchito, fizi tidzakambirana.

Lachinayi linali 18 July, Mandela Day, tsiku limene makampani amatumiza antchito awo kukagwira ntchito yachifundo kwa mphindi 67. Abwana athu anali atalemberatu makalata: bwerani masana ana ataweruka, musabwere ndi nyimbo, musajambule nkhope za ana. Kampani ina inamvera, inapenta mpanda n'kupita. Ina inafika 10 koloko m'mawa ndi sipika, mabaluni ndi munthu wovala chinyama cha zidole. Baluni limodzi linaphulika, ndipo ana atatu anathera pansi pa tebulo. Anthuwo si oipa, ndipo mabulangete amene anabweretsa tawagawa kale. Koma mpanda wathu wapentedwa chaka ndi chaka, pamene ndalama yolipira katswiri wa kulankhula kuti azibwera kawiri pa sabata ikusowabe. Wopereka ndalama timamupatsa risiti ya Section 18A yomuchepetsera msonkho. Kungoti malipiro a munthu sajambulika pa Facebook.

Lachisanu ndi la achinyamata. Phunziro linali la tekisi: chala m'mwamba ngati ukupita m'tauni, nthawi yonena kuti "after robot", ndi chifukwa chake wosakonda kuwerengera anthu chenji asakhale mpando wakutsogolo. Tinayeserera ndi mipando ya m'kalasi, ine dalaivala wolusa. Anaseka mpaka misozi.

Pagululi pali mnyamata wa zaka 19 wa dyslexia, makolo ake a ku Mangochi, iye anabadwira kuno. Foni yakufa akaitsegula amaidzutsa, koma fomu ya tsamba limodzi imamutulutsa thukuta. Dyslexia yake inadziwika mochedwa, apo ayi akanapempheredwa nthawi yowonjezera kapena womuwerengera mafunso pa mayeso, zomwe malamulo a mayeso kuno amalola. Maphunziro a ntchito amene akufuna amafunsa ID ya South Africa. Lamulo la unzika, gawo 4(3), limalola mwana wobadwira kuno kwa makolo akunja, amene kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakhala kuno mpaka zaka 18, kupempha unzika. Amayi ake anasunga pepala la kubadwa m'pulasitiki pansi pa matiresi zaka zonsezi. Tinalijambula, ndipo ndinawalembera kalata yopita nayo kwa maloya a bungwe loona za ufulu wa anthu la Lawyers for Human Rights ku Braamfontein.

Loweruka m'mawa tinali ndi msonkhano wa makolo mu holo ya tchalitchi. Ndinabwera ndi mayi wa ku Ntcheu uja. Bambo a mnyamata wa ku Dedza sanabwere, Loweruka ndi tsiku la maganyu, koma akazi awo anabwera n'kukhala kumbuyo. Tikuwerenga makapu a tiyi anandiuza kuti transipota amuuza kuti adikire mpaka December, ndipo anafunsa kuti kalata yolumbira ija amakalembetsa kuti. Ku polisi amadinda kwaulere, koma iwo ku polisi safuna kuyandikirako, pa zifukwa zimene tonse tikuzidziwa. Ndawapezera loya wina amene amadindira mabungwe ngati lathu, ndipo tipita Lachiwiri m'mawa tisanapite ku sukulu.