Chifukwa Chimene Tinasiyira Kuyang'anira Maseva ndi Excel

Kwa zaka zingapo, pa ofesi imene ndimagwira ntchito kuno ku Mzuzu, tinkalemba mu Excel, pulogalamu yolembamo zinthu m'matebulo, zonse zokhudza maseva athu, omwe ndi makompyuta otumikira makompyuta ena: malo otsala pa disiki (chipangizo chosungiramo mafayilo), kutentha kwa makina, ndi nthawi imene intaneti yaduka. Maseva ali atatu okha, njirayi inkatikwanira.

Kuperewera kwake kunaonekera usiku wina wa mvula yamphamvu, magetsi atathima. Seva imodzi sinayakenso, ndipo tinazindikira kutacha, anthu atayamba kale kudandaula, chifukwa Excel imasunga zokhazo zimene munthu walembamo ndipo payokha sidziwa kuti makina aima. Palinso malire a kukula kwake. Tsamba limodzi limathera pa mizere 1,048,576, kotero maseva 100, iliyonse ikamalemba mzere umodzi pa mphindi, angalidzaze masiku asanu ndi atatu asanakwane.

Tsopano tikugwiritsa ntchito Zabbix, pulogalamu yaulere imene imayendera yokha seva iliyonse usana ndi usiku, imasunga mbiri ya miyezi yambiri, ndipo imatumiza uthenga disiki isanadzaze. Kuikhazikitsa kunandivuta ndithu, makamaka posankha mauthenga oyenera kudzutsa munthu pakati pa usiku, chifukwa akachuluka anzanga amasiya kuwawerenga.