Sabata ya nkhono ndi viniga ku Fomu 3

Lolemba ndinalowa m'kalasi ndi mutu wa miyala ya laimu, yomwe imapangidwa ndi calcium carbonate, ndimkati pofika Lachiwiri tikhala tathana nawo. Koma mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, mwati calcite ndi aragonite zonse ndi calcium carbonate, nde bwanji mayina awiri?" Funso limenelo linatidyera sabata yonse ndipo sindikudandaula olo pang'ono.

Ndinamuyankha kuti njerwa ndi zomwezo koma kayalidwe ka mmisiri nkosiyana. Mu aragonite maatomu amathithikana kwambiri, nchifukwa chake amalemerako kuposa calcite, poyerekeza ndi madzi amalemera ka 2.9 pomwe mnzakeyo ndi ka 2.7. Anagwedeza mutu koma ndinaona kuti sizinalowe.

Labu yathu asidi anatha kalekale, ndiye Lachitatu nditaweruka ndinatsikira ku Senga Bay kukatola zigoba za nkhono mumchenga, pobwerera nkugula viniga pa golosale. Zigoba zimenezi ndi aragonite weniweni, ana amazipondaponda tsiku ndi tsiku osadziwa. Lachinayi titathira viniga pa chigoba chophwanya thovu linayamba kutuluka, anyamata aja amagona nthawi zonse anaimirira pa mabenchi kuti aone.

Apa mpomwe ndinawalowetsa mu nkhani ya m'mapanga. Mvula ikamalowa m'dothi imatenga carbon dioxide wochokera ku mizu ndi zowola, imasanduka asidi wofooka amene amasungunula laimu pang'onopang'ono zaka zambirimbiri. Madziwo akadontha m'phanga mpweya uja umathawa ndipo calcium carbonate amatsala pamwala. Nthawi zambiri amatuluka ndi calcite. Koma madzi akadutsa mu dolomite, mwala wofanana ndi laimu koma wokhala ndi magnesium, amabwera ndi magnesium wambiri, ndipo magnesium ameneyu amakamatira pa calcite akangoyamba kumera nkumulepheretsa kukula, pomwe aragonite sasokonezeka naye ayi, ndiye amapeza mpata. Pamene madzi akuphwa msanga, monga podutsa kamphepo, magnesium amachulukirachulukira m'kadontho kotsalako, aragonite nkumamera ngati singano zoyera zoloza mbali zonse. Ndinawaonetsa pa foni zithunzi za phanga la Ochtinská ku Slovakia, foni inazungulira kalasi yonse mpaka batire kutha. Wina amvekere "koma ndi mwala zoona?"

Chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti aragonite sakhazikika, pakapita nthawi yaitali amatha kusanduka calcite. Dzina loti aragonite linachokera ku Molina de Aragón ku Spain, zimenezo ndinangotchula podutsa.

Lachisanu mtsikana uja anabwera ndi kapepala atakulungamo zoyera zomwe anapala pansi pa ketulo ya agogo ake, akuti amaphitsira madzi a pa mjigo. Tinathira viniga wotsala, thovu nkutuluka. Anafunsa ngati ameneyo ndi aragonite kapena calcite, ndinamuuza kuti madzi otentha amakonda kupanga aragonite koma viniga sangasiyanitse, pamafunika makina a X-ray. Kapepalako kali mu dirowa yanga, wati Lolemba abweretsa za mu poto wa kwawo tifananize.