Ambulera ya ndodo yafika pa loko

Nsalu ndaiika kaye pambali. Masiku ano maso anga ali pa zitsulo, pa felemu ya ambulera ya ndodo yaitali imene ndikumanganso, ndi ina yopinda katatu yotsegula ndi batani, imene ndaimasula dala kuti ndione za m'mimba mwake.

Nthiti zonse 8 za ya ndodo ndazipala dzimbiri, ndipo tsopano zikuyenda bwino pa timikono take, tizitsulo tija timakankha nthiti kuti ambulera itseguke. Nthitizi si waya wobulungira ayi. Mukayang'ana kumapeto kwake zili ngati chilembo cha U, kangalande kutalika konse. Nzeru imeneyi ndi ya Samuel Fox wa ku Stocksbridge, kufupi ndi Sheffield ku England, amene anailembetsa mu 1852 n'kutcha felemu yake Paragon. Kale mafelemu ambiri ankapangidwa ndi timitengo kapena zinthu zolimba za m'kamwa mwa namgumi, ndipo ankalemera kwambiri. Fox anaona kuti chitsulo chopyapyala chikapindidwa chimalimba popanda kuwonjezera kulemera, monga lata la mizere limakanira kupindika pamene lathyathyathya limangowefuka. Ubwino wina ndauona ndi maso anga potseka felemuyi, kamkono kamagona m'ngalande ya nthiti, n'chifukwa chake ambulera yotere ikakulungidwa imaonda bwino. Koma ngalande yomweyo imasunga madzi. Dzimbiri lonse limene ndachotsa linali m'kati, kunja kukuoneka kosalala.

Kumanga nthiti pa mphete ya pamwamba sikunatenge nthawi. Waya mmodzi wopyapyala amadutsa m'maso mwa nthiti zonse, kuzungulira mpheteyo, kenako mumamupota ndi pulayazi n'kubisa nsonga yake kuti isadzaboole nsalu. Ndaikapo waya wosachita dzimbiri. N'chimodzimodzinso pa mphete yoyenda, ija imakwera ndi kutsika pa ndodo itanyamula timikono.

Pamene pandigwira ndi pa loko. Anthu akamakamba za ambulera yolimba amawerenga nthiti, akuti ya 16 iposa ya 8. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa kachitsulo kakang'ono kamene kamatuluka m'ndodo n'kugwira mphete yoyenda kuti isatsike. Pa ambulera ya ndodo timaloko timeneti timakhala tiwiri, ka pamwamba kogwira ikatseguka, ndi ka pansi kogwira ikatsekeka. Kalikonse ndi waya wa sipuling'i wopindidwa, wolowetsedwa m'kampata kosemedwa m'ndodomo. Ka pamwamba kali ndi mbali ziwiri zosiyana. Ya m'munsi ndi yotsetsereka, kuti mphete ikamakwera ikakanikize kalowe m'kati. Ya kumtunda ndi phewa loongoka, pamene mpheteyo imakhala ikangodutsa, mukamva kuti tha!

Phewa limenelo ndilo lili ndi chinsinsi. Likapendekera pang'ono kunja, mphete imalikankha lokha n'kutsetsereka, ambulera n'kukutsekerani pamutu mphepo ikangoigwedeza. Likapendekera m'kati ngati mbedza, limagwira zolimba moti chala chimalephera kulikankha, ndipo likati lilole, mphete imatsika mwaukali n'kutsina khungu. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kochepa zedi, diso silikuona msanga. Ndakhala ndikupinda mawaya oyeserera pa kathabwa kamene ndinakhomapo timisomali, ndipo amene akugwira bwino pakali pano ndi wa phewa loongoka ndithu, koma nsonga yake ndaisalaza ndi tupa kuti isakande mphete. Opanga a masiku ano vuto la kutsina analithetsa poveka mpheteyo chikwama cha pulasitiki chokhala ndi batani, chala chisamakhudze chitsulo. Ndi nzeru yabwino, sindingatsutse, ngakhale kuti chikwamacho chikang'aluka palibe chokonza.

Chimene chandisangalatsa koposa n'kuona kuti kachitsulo kofooka chotere kamatha bwanji kunyamula nsalu yonse yokungika. Yankho lili pa kaimidwe ka timikono. Mphete ikakhala pansi, timikono timaloza kumwamba, ndipo mphamvu yonse ya nthiti imabwerera molunjika pa mpheteyo. Ikamakwera, timikono timayamba kugona chopingasa, ndiye mphamvu ija imasiya kukankhira pansi, imayamba kukankhira ku ndodo kuchokera mbali zonse, kamkono aka kulimbana ndi kanzake ka tsidya lina. Chotsalira loko n'chochepa. Koma mphete ikapitirira pamenepo, mphamvu imatembenuka n'kuyamba kuikokera kumwamba, ndipo ambulera imatha kugadabuka. N'chifukwa chake pamwamba pa loko pamakhala kamsomali koimitsa mphete. Pa felemu yangayi kanali katadyeka, ndaikapo kena kamkuwa. Ndisanaike nsalu ndidzayesanso malo ake, chifukwa nsalu ndiyo imapinda nthiti, ndipo felemu yamaliseche imanamiza.

Tsopano ija ya batani. Maambulera opinda si a dzulo. Jean Marius wa ku Paris anali nayo kale yake mu 1710. Koma ya ndodo yolowerana m'kati ngati paipi mu inzake, yokwana m'thumba, inachokera kwa Hans Haupt wa ku Berlin mu 1928, ndipo ndiyo inadzadziwika ndi dzina la Knirps. Imene ndamasulayi ndi mdzukulu wa imeneyo, ya mtundu wotsegula ndi kutseka ndi batani limodzi lomwelo.

M'kati mwa ndodo yake muli sipuling'i yaitali, ndipo m'kati mwa sipuling'iyo mumadutsa kachingwe. Kachingweko kamakwera mpaka pamwamba, kuzungulira pa timagudumu tating'ono, n'kukamangika ku mphete yoyenda. Kumunsi kwake kuli kamutu kokhala ngati chipolopolo, kamene kamakodwa m'chogwirira. Mukadina batani koyamba, limamasula ndodo, sipuling'i imaitambasula, ndipo poti kamutu kaja kakodwabe pansi, chingwe chimakungika n'kukoka mphete kumwamba. Ambulera yatseguka. Mukadinanso, tsopano limamasula kamutu kaja, chingwe chimakhwepa, ndipo timasipuling'i ta pa nthiti timapinda nsalu. Ndodo yokha imatsala yaitali, kudikira kuti muikankhe ndi manja kufikira italira. Ndiye kuti mphamvu imene imatsegula ambulera mawa ndi yanu yomwe, munaisunga m'sipuling'i lero poikankha.

Ndinakhala nthawi ndithu ndikungoyang'ana, luso lilipo. Koma onani pamene pagona katundu yense: kachingwe kamodzi, timagudumu tapulasitiki tochepa kuposa chikhadabo, ndi timano tiwiri ta m'batani. Pa yangayi dzino logwira ndodo ladyeka m'mphepete, n'chifukwa chake inkatseguka yokha m'chikwama. Nthiti zake zonse zili bwinobwino. Chenjezo kwa amene angafune kumasula yotere: musachotse chogwirira ndodo ili yopanikizidwa, sipuling'iyo imauluka ndi mphamvu yoti n'kuvulaza diso. Itambasuleni kaye. Ngozi yofanana nayo imachitika munthu akaitaya pakati poikankha, ndodo imabwerera n'kumumenya. Mitundu ina yatsopano ili ndi timano m'kati togwira ndodo pena paliponse pamene mwalekezera, kuti isabwerere. Pa zonse zimene zawonjezedwa pa ambulera ya batani, chimenechi ndicho ndingachiikire kumbuyo.

Za mphepo ndizidutsa mwachangu, chifukwa ndangoyesa pang'ono. Ndinaika nthiti ziwiri za fibreglass, pulasitiki yolimbitsidwa ndi timaulusi ta galasi, pa felemu ina yakale kuti ndiyerekeze. Yachitsulo ikapindika mopitirira imakhala chomwecho, ndipo ngalande ija imathyokera pamalo amodzi, kuiwongola sikubweza mphamvu yake. Ya aluminiyamu imapepuka koma mukaiwongola imangoduka. Ya fibreglass imawerama n'kubwerera. Komatu mphamvu imene nthitiyo yakana kuthyoka nayo siisowa, imapita pa kamsomali kolumikiza nthiti ndi kamkono, ndipo bowo la pamenepo limayamba kukula. Kufooka kwangosamukira pena. Podula fibreglass valani magolovesi, timinga take timalowa m'khungu.

Amene anaganiza mozama pa za mphepo, kwa ine, ndi amene anasintha maonekedwe m'malo mongolimbitsa zitsulo. Ambulera ya Senz, imene inachokera kwa ophunzira a pa yunivesite ya ku Delft ku Netherlands, ili ndi nthiti zazifupi kutsogolo ndi zazitali kumbuyo, kuti mphepo izidutsa pamwamba ndipo ambulera izitembenuka yokha kuloza kumene mphepoyo ikuchokera. Blunt ya Greig Brebner wa ku New Zealand inachotsa nsonga zakuthwa, kumapeto kwa nthiti iliyonse kuli timikono timene timatambasuka m'kathumba ka nsalu n'kukunga m'mphepete monse. Ya KAZbrella, yotsekera m'mwamba kuti mbali yonyowa ikhale m'kati, imathetsa vuto lina, lolowa m'galimoto, koma ili ndi nsalu ziwiri ndi mfundo zambiri, ndipo ine mfundo ikachuluka ndimayamba kuwerenga malo othyokera.

Chogwirira cha yanga ya ndodo ija ndi chamtengo, chokhota ngati ndodo yoyendera, cholowetsa pa ndodo ndi guluu. Zabwino koposa ndi zija ndodo ndi chogwirira zili mtengo umodzi, wofewetsedwa ndi nthunzi n'kupindidwa, monga zimene amagulitsa a James Smith & Sons ku London, amene anayamba malonda awo mu 1830. Pamenepo palibe polumikiza poti pagwedere. Changachi sindinamatebe, chifukwa ndikufuna chikhale molunjika ndi loko wa pansi, kuti dzanja likagwira, chala chachikulu chizipeza lokoyo osatembenuza ambulera. Ndachiyeserera chouma n'kulemba kamzere ka pensulo pa zonse ziwiri.

Chimene chikundichedwetsa ndi ganizo limene ndatengera ku maambulera a nsungwi ndi pepala a ku Japan, amene mzinda wa Gifu umadziwika nawo. Ena mwa iwo amakhala ndi timaloko tiwiri pamwamba, kena pansi pa kanzake, kuti munthu athe kutsegula theka pa mphepo kapena pa chigulu cha anthu. Ndikufuna chimenechi pa yanga. Vuto ndi lakuti loko aliyense amafuna mpata wake m'ndodo, ndipo mipata iwiri yoyandikana pa mtengo woonda chonchi ingaufooketse pamalo pomwe umalandira mphamvu yambiri. Komanso ikatseguka theka, timikono timakhala tisanagone chopingasa, ndiye loko wachiwiriyo adzasenza katundu wochuluka kuposa wa pamwamba, adzafunika waya wokulirapo. Ndadula ndodo ina ya makulidwe omwewo yoyeserera. Pa imeneyo ndisema mpata wachiwiri kumbali ina, osati pa mzere umodzi ndi woyamba, kenako ndiipanikiza pa benchi n'kuikoloweka zolemera kumapeto kuti ndione ngati ing'aluka, ndi poyambira pake.