Loweruka lathera pa PSP ya mwana wa achemwali

Mwana wa achemwali anga wafika kuno ku Chilenje cha m'ma 9 koloko m'mawa kuchokera ku Matero, PSP, kachipangizo ka m'manja kosewerera magemu, ili m'thumba la jekete atayikulunga ndi sokosi. Ndi PSP-3000 yakuda, bambo ake anamugulira kwa munthu. Asanakhale n'komwe pansi wayamba kudandaula: "Amalume, ikumangouma pakati pa gemu. Mnzanga akuti CFW yake yafa, ndiye mundiikiremo ina."

Ndamuuza kuti ayambe wamwa tiyi. Nthawi zonse kachipangizo aka kakayamba kuvuta, woyamba kulozedwa chala ndi CFW, pomwe nthawi zambiri imakhala ilibe mlandu.

Sony inatulutsa PSP mu 2004, ndipo pulogalamu yomaliza yoiyendetsa, 6.61, inatuluka mu 2015. CFW ndi pulogalamu yomweyo koma itasinthidwa ndi anthu wamba okonda makinawa, kuti iziwerenga magemu pa memore khadi m'malo mwa timadisiki ta UMD, komanso kuti iziyendetsa timapulogalamu tomwe Sony sinavomereze. Ya mnyamatayu ili ndi 6.61 PRO-C, pamodzi ndi Infinity yomwe imapangitsa kuti CFW isachoke ukazimitsa. PRO ndi yakale ndithu, koma anthu ayigwiritsa ntchito zaka zambiri ndipo siingouma popanda choichititsa.

Ndayamba ndi foda ya seplugins, momwe mumakhala mapulagini, timapulogalamu towonjezera pa CFW. Koma ndiye munali katundu! Pulagini yosintha maonekedwe a menyu, ina yoberera pa gemu, ina yojambula sikirini, ina yoimba nyimbo uku ukusewera, zonse zoyatsidwa mu vsh.txt ndi game.txt. Mwini wake wakale ankangoika chilichonse chomwe wachiwona. PSP-3000 ili ndi RAM ya 64MB yokha, ndipo pulagini iliyonse imafuna kamalo kake m'menemo, zina zimalimbirana batani limodzi. Ndazimitsa PSP, ndagwira batani la R kwinaku ndikuyatsa, recovery menu n'kutseguka, ndazimitsa mapulagini onse. Liwiro la CPU nalo analikakamiza pa 333 MHz paliponse, ngakhale pa menyu pomwe palibe chofulumirira. Liwiro limenelo makinawa amalikwanitsa, sikuti limawononga, koma limamwa batire kusiyana ndi 222 MHz. Ndalibwezera pa Default kuti gemu iliyonse izidzisankhira yokha.

Tayesa gemu yake ya mpira. Yayamba bwinobwino, iye n'kumwetulira, koma pofika posankha matimu yangoti gwa, kenaka sikirini bii.

Apa m'pamene ndatulutsa khadi. Ndi microSD yolowetsedwa mu adaputala ya Memory Stick Pro Duo, yolembedwa 128GB ndi zilembo zofufutika m'mbali. Ndamufunsa mtengo womwe anagulira, ndipo atautchula mtima wanga wakayika kale. Ndakopera zonse pa laputopu, mafayilo ena akukana kukopeka, kenaka ndaika H2testw, pulogalamu yoyesera makhadi, kuti ilembe khadi yonse n'kuiwerenganso. Ntchito imeneyi ndi yochedwa, mpaka tadya nsima ikuyendabe. Yankho lake: malo enieni ndi ochepera 8GB, kwinako konse n'kwabodza. Makhadi oterewa amawakonza kuti azinamiza kompyuta za kukula kwake. Amachita ngati kondakitala woti basi yadzaza koma akukuwabe kuti malo alipo, wolowa n'kukhalira mnzake. Ukadutsa malire ake enieni, zomwe ukuikazo zimangotayika kapena kulembedwa pamwamba pa zakale. Dzina la gemu limaoneka pa mndandanda, chithunzi chake n'kuoneka, koma m'kati muli mabowo. PSP ikafika pa bowo, imauma.

Zimandipweteka kwambiri zimenezi, chifukwa amene amaberedwa ndi ana ngati uyu, amene anasunga timakwacha take pang'onopang'ono. Kenaka wina amamuuza kuti makina ake ndi akufa, iye n'kukhulupirira.

Takwera basi kupita m'tauni, tatsikira pa Kulima Tower, tayenda mpaka tapeza sitolo yomwe yavomera kuti tikabweza khadi ngati yalephera mayeso. Tagula ya 32GB. Iye amafuna yaikulu, koma ndamuuza kuti 32GB yeniyeni imanyamula magemu oposa omwe angasewere chaka chino, popeza UMD yodzaza imathera pa 1.8GB. Pobwerera ndayiyesa nayonso, yapambana, ndayifomata FAT32 pogwiritsa ntchito PSP yomweyo kuti ipange yokha mafoda ake. Timadisiki tiwiri tomwe anabwera nato tatikopa mosavuta: kudina SELECT pa menyu, kusintha USB Device kukhala UMD Disc, kulumikiza waya, fayilo ya ISO, yomwe ndi kope la kadisiki konse, n'kuonekera pa laputopu. Ndazisiya ngati ISO osazipanikiza kukhala CSO, chifukwa CSO imadodoma pa magemu omwe amawerenga khadi mosalekeza. Mpira wa pa kadisiki kake wayenda mpaka theka lachiwiri osatsokomola.

Mpira wina uja womwe anatenga kwa mnzake, wa mayunifolomu atsopano, ndamufotokozera kuti anaukonzera PPSSPP, pulogalamu yosewerera magemu a PSP pa foni. Foda ya TEXTURES yomwe imabwera nawo PSP yeniyeni siiwerenga n'komwe. Wakhumudwa pang'ono, koma wamva.

Kenaka wafunsa funso lomwe ndimaliyembekezera: "Nanga ARK-4, amalume? Pa YouTube akuti ndiye yabwino." Zoona, ARK-4 ndi CFW ina yabwino, pa yanga ndinaika yomweyo, ndipo ndi yatsopano kuposa PRO yomwe anasiya kalekale kuikonza. Koma ndakana kuiika lero, ndipo chifukwa chake ndamuonetsa ndi maso. Chitseko cha batire cha PSP yake sichitsekeka bwino, wina anachimata ndi selotepi. Nditaitulutsa batireyo ndayiika pa tebulo, ndipo m'malo mokhala phee imagwedezeka, mimba itatupa. Batire yotere itha kuzima nthawi iliyonse, komanso si yoti mwana azigona nayo pafupi ili pa chaja. Kuchotsa CFW yokhazikika n'kuikamo ina kumafuna kulemba mu flash ya m'kati mwa makina. Moto ukaduka ntchitoyo ili pakati, PSP imasanduka njerwa, osayakanso. Kale mu 2007 anthu ankadzutsa zoterezo ndi batire ya Pandora, koma inkagwira pa 1000 ndi ma 2000 oyambirira, osati pa 3000. Njira zomwe zinabwera pambuyo pake zimafuna mawaya ndi zida zomwe ine ndilibe pano.

Tili m'kati mokambirana, magetsi athima, cha m'ma 4 koloko madzulo. Wandiyang'ana, osafunsanso.

Pa ntchito yonse ya lero palibe fayilo ya CFW yomwe ndagwira, koma PSP yasiya kuuma. Pulagini ndamubwezera imodzi yokha, yojambula sikirini, chifukwa akufuna kumatumizira anzake zigoli. Ndamuuza kuti akafuna kuwonjezera ina aziika imodzi, asewere masiku angapo, ikavuta adziwe yochotsa, ndipo batani la R asaliiwale.

Batire yotupa ija yatsala kuno, ndayiika m'chitini kunja kwa nyumba mpaka ndipeze kokaisiya. PSP imayaka popanda batire bola ikhale pa chaja ya 5V, choncho ndamubwereka pawabanki yanga yakale ndi waya wa USB wa kamutu kozungulira. Achemwali aimba usiku uno kuti wafika bwino, ndipo afunsa mtengo wa batire yatsopano. Ndawauza kuti asagule okha. Yoyambirira ya 3000 ndi 1200mAh, ndipo zija zolembedwa 3600mAh pa kabokosi kofanana kukula sindizikhulupirira. Lolemba ndikafunsa kwa anyamata okonza mafoni ku Kamwala, ndipo ikapezeka yabwino, za ARK-4 tidzakambirana Loweruka likubwerali.